Kuseri kwa Chipilala cha pa Mphambano

Pa mphambano pomwe msewu wafumbi wochokera ku esiteti umakumana ndi msewu waukulu wopita ku Santhe panali chipilala. Lero palibe, koma dzina linatsala. Munthu akakwera kabaza amangoti akatsikira pa chipilala, ndipo alendo amafika n'kumaunguzaunguza, osaona kanthu koma nyumba yaikulu yamalata yosungiramo soya ndi chimanga. Ine ndinachiona chikumangidwa ndili kamtsikana ka sukulu, ndinachionanso chikugwa ndili ndi imvi, choncho mbiri yake sindichita kufunsa kwa munthu.

Anachimangitsa ndi mwini esiteti, bambo wina wonenepa bwino amene anali ndi mpando m'chipani, nthawi ija chipani chili chimodzi. Nkhalango yonse ya kuno anaigwetsa n'kutsegula minda ya fodya kuchokera kumsewu mpaka kudambo, ndipo anafuna kuti tsiku limene nduna idzabwere kudzatsegula esitetiyo lisadzaiwalike. Amisiri anachokera ku boma. Anamanga chinthu cha njerwa ndi simenti, chachitali kuposa mwamuna atakweza mkono, chotambalala pansi, chosongoka pamwamba, chokhala ndi masitepe mozungulira. Anachipaka laimu, anachitchinga ndi unyolo, ndipo kumaso kwake anakhomapo chitsulo chonyezimira cholembedwa Chingerezi. Ife ana a sukulu anatiphunzitsa nyimbo mpaka mawu kusasa. Tsikulo tinaima padzuwa kuyambira m'mawa, m'mimba mulibe ndi phala lomwe, ena n'kumakomoka. Nduna inafika dzuwa litapendeka, inakoka kansalu kophimba chitsulo chija, tinaomba m'manja, inakwera galimoto n'kumapita. Akuluakulu anakadya ng'ombe kunyumba kwa bwana, ife tinapatsidwa masiwiti.

Zaka zotsatira chipilalacho chinali ndi ulemu woposa wa anthu. Chaka chilichonse achinyamata a chipani ankabwera ndi ndowa za laimu kudzachipaka, ndipo wopezeka atakhala pa masitepe ake ankayankha mafunso ambiri. Bwana analamula kuti malo ozungulira, ofanana kukula ndi bwalo la tchalitchi, asalimidwe ndiponso asatemedwe. Ankati adzabzalapo maluwa, koma maluwawo sanabwere. M'malo mwake zitsa za mitengo yakale zinaphukira, misuku, miwanga ndi mombo, ndipo poti panalibe wolimba mtima wolowamo ndi nkhwangwa, mphukirazo zinakula n'kukhala mitengo.

Ndale zitatembenuka, bwana uja anataya mpando n'kusamukira ku Lilongwe, esiteti n'kuisiya m'manja mwa akapitawo. Choyamba kusowa chinali chitsulo cholembedwa chija. Ena amati chinathera kwa osula mbaula, ena amati kwa ogula zitsulo zakutha. Unyolo uja bambo anga anauzindikira pa ngolo ya mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, ndipo anangomupatsa moni n'kupitirira. Nthawi ya kampeni anyamata ochokera kutali ankamatapo zithunzi za ofuna mavoti, mvula n'kuzichotsa, ena n'kudzamata zawo. Laimu yense anasuluka, simenti inada, ndere zinamera m'ming'alu. Chinthu chimene chinamangidwa kuti tsiku la nduna lisaiwalike chinatsala chopanda ndi chilembo chimodzi chomwe, ndipo kwa munthu wosachidziwa chinkaoneka ngati chiliza cha munthu wolemera.

Kuti mumve zimene zinatsatira muyenera kulidziwa dziko la fodya. Kuno mtengo sukalamba. Zigafa zoyanikamo fodya zimafuna mphanda ndi mapaso chaka ndi chaka, ndipo mabalani owotchera fodya amadya nkhuni osakhuta. Ukakwera pa chulu n'kuponya maso umaona mizere yokhayokha mpaka kumene thambo lathera, ndipo apo ndi apo kagulu ka mitengo yobiriwira. Kagulu kalikonse kotero ndi manda, chifukwa kumanda kokha ndi kumene nkhwangwa imachita manyazi. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezi asanayambe sukulu.

Tsono matenanti ankabwera chaka chilichonse pa malole mvula isanayambe, ochokera ku Mulanje, ku Phalombe, ena cha ku Mzimba, atanyamula mphasa, mapoto ndi ana. Lole linkawatsitsa pa mphambano. Potsika ankaona mitengo yowirira, pakati pake chiliza chachitali, ndiye ankachita zimene munthu woleredwa bwino amachita: azibambo ankavula zipewa, azimayi ankatsitsa mawu n'kumenya timanja ta ana kuti asaloze. Palibe ankatolamo nkhuni ngakhale zitauma bwanji. Ife eni dera tinkasekera m'mimba osawauza, poti mantha awo ankatisungira mthunzi, ndiponso masuku tinkadya tokha. M'kupita kwa nthawi ana athu omwe anayamba kuopa. Kunabuka nkhani yoti pamenepo panagona Mzungu pamodzi ndi galu wake, ina yoti ndi mfumu yakalekale, ndipo amene tinaimba nyimbo tsiku la nduna tinatopa nako kutsutsa.

Ine ndinakwatiwa ndi kapitawo wa pa esiteti pomwepo, ndiye moyo wa matenanti ndinauonera pafupi. Tenanti amapatsidwa munda, mbewu ndi phoso, chimanga chodya chija, malipiro n'kudzawaona fodya akagulitsidwa. Amagona m'tinyumba taudzu tondandana pafupi ndi zigafa. Chimene sapatsidwa ndi manda. Wamkulu akamwalira, azibambo ankapita kukagwada ku midzi yoyandikana kuti abwerekedwe malo kumphepete, kapena ankapempha lole kuti maliro apite kwawo. Zinali zovuta, koma zinali ndi njira yake, chifukwa zinkadutsa pakamwa pa amuna.

Nkhani ya nthayo ndi ina. Mwana wobadwa atafa kale, kapena wopita asanatuluke m'chikuta, masiku oyamba aja mayi ndi khanda asanaonekere kunja, salengezedwa, saimbiridwa nyimbo, saliridwa. Amaikidwa ndi azimayi okhaokha amene anaberekapo, masana dzuwa lili paliwombo, anthu ali kuminda. Dzenje silizama, poti amati likazama mayiyo sadzaberekanso. Mayi mwiniwake sapita, sauzidwa malo, ndipo safunsa. Bambo amangouzidwa kuti sizinayende bwino. Kumudzi kwathu azimayi ali ndi ngodya yawo kumanda ndipo amangopita osapempha munthu. Koma mkazi wa tenanti akanaipeza bwanji ngodya kwa eni mudzi, poti wopempha malo ndi mwamuna, ndipo mwamuna nkhaniyi saiyankhula? Funso limeneli silinandifikepo m'mutu mpaka tsiku limene ndinaitanidwa.

Panali mayi wina wa ku Mulanje, wamsinkhu wanga, wamfupi, wa kampata m'mano, amene anabwera ndi mwamuna wake atangokwatirana. Posoka fodya panalibe womupeza, ndipo pakamwa pake pankathamanga mofanana ndi manja. Ankanditcha achemwali monga amachitira kwawo, n'kumandiseka kuti Achewa timathira mchere m'ndiwo ngati wobwereka. Ine ndinkamubwezera kuti anthu akwawo amatha nkhuni tsiku lonse kuphika nyemba zawo za kalongonda n'kumati adya bwino. Tinagwirizana motero. Mimba yake yoyamba inakhwima m'nyengo yothyola fodya, nthawi imene tenanti alibe tsiku lodwala, ndipo matenda anamuyamba ali m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya.

Mvula inali itagwa masiku angapo osakata, mlatho wa pa dambo utamira, ndipo za chipatala palibe anazitchula. Anamuthandiza kuchira ndi azamba a pa matenanti pomwepo, mayi wachikulire wa fodya wake wa m'mphuno, wosadziwa kunyengerera munthu. Mwana anabadwa wamkazi, anapuma pang'ono, n'kusiya. Azambawo anatuma mayi wina kudzanditenga kuti mkazi wa kapitawo akhalepo, ndipo poti ndinali nditabereka kale mwana wanga woyamba, ndinali wololedwa. Nditalowa ndinapeza mnzangayo atagona moyang'ana kukhoma. Kamwanako kanali katakulungidwa kale m'chidutswa cha chitenje, ndipo nkhope yake sindinaione.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, azamba patsogolo atabisa kamtolo m'nsalu yawo, ife atatu pambuyo, mmodzi atatenga kakhasu kakutha. Ndinkayesa tikulowera kumudzi kwathu, ndipo m'mutu ndinkakonza kale mawu okawauza azakhali anga. Koma pa mphambano azamba anayang'ana uku ndi uku n'kukhotera m'mitengo ya pa chipilala. Ndinawagwira mkono n'kuwanong'oneza kuti pano si pa manda, ndi pa chipilala cha nduna, ndinalipo ine chikumangidwa, pansi pake palibe munthu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Za nduna zanuzo ife sitizidziwa," anatero. "Amene anatitsogolera anapeza chiliza, anaika ana awo. Ife tinapeza ana awo, tikuika athu. Mukuti palibe munthu? Yang'anani poponda."

Ndinayang'ana. Kuseri kwa chipilala, mbali yoyang'ana kudambo, nthaka inali ndi timaenje tosaya tambiri, tina titadzaza masamba, tina tili ndi phale pamwamba. Ndinali nditatola masuku pamalo amenewo zaka zambiri, osaonapo kanthu. Azamba anasankha pakati pa sitepe yapansi ndi msuku wina wa mphanda, anakumba pang'ono ndi kakhasu, kwinako ndi manja. Anaika, tinakwirira, anasalaza ndi chikhatho n'kuwazapo masamba ouma. Panalibe pemphero, panalibe misozi, ndipo ntchito yonse inatha msanga kuposa kuwokera mzere umodzi wa fodya. Tinasamba m'manja ndi madzi a mankhwala amene azamba anatenga m'botolo, n'kubwerera njira ina. Mnzangayo tinangomuuza kuti tabwerako, iye n'kuyankha kuti zikomo. Mwamuna wake anali m'chigafa akupachika fodya.

Pambuyo pake ndinapitako maulendo ena ndi azamba omwewo, nyengo za mvula makamaka, chifukwa cha ana a azimayi ena amene nkhope zawo ndinaziiwala. Masuku a pa chipilala ndinasiya kudya. Amuna anga anandifunsa chifukwa, ndinati amandipweteka m'mimba, iwo n'kumadya okha, njere n'kumalavulira pabwalo.

Ngakhale dzenje lija linali losaya monga mwa mwambo, mnzangayo sanaberekenso. Anayenda kwa asing'anga, anapita kuchipatala, anamwa zowawa ndi zonunkha, koma ayi ndithu. Patapita zaka zingapo mwamuna wake anatopa ndi utenanti n'kunena kuti azibwerera kwawo. Iye anakana. Mwamunayo anadikira nyengo ina, anakalipa, anaitanitsa ankhoswe, kenaka anakwera lole yekha, ndipo tinadzamva kuti anakwatira wina. Alongo ake a mnzangayo ankatumiza mawu kuti munda wa mayi awo ukumudikira, poti kwawoko minda imatsata akazi. Iye ankayankha kuti ku Mulanje malo ndi ochepa, kuti kuno anazolowera, kuti adzabwera chaka chamawa. Anthu ankati mwina ali ndi chibwenzi chobisa. Ine ndinkadziwa chimene chikumugwira mwendo, ndipo iye ankadziwa kuti ndikudziwa.

Anakhala akudya za ganyu wosankha fodya mpaka maso atayamba kufooka, kenaka anatsegula benchi la tomato, usipa ndi zitumbuwa pa mphambano. Malo abwino a malonda anali mbali ya mitengo, pamthunzi, pomwe minibasi zimaima. Iye anakhazika benchi lake tsidya lina la msewu, padzuwa, moyang'anizana ndi chipilala, ndipo tomato wake ankafota msanga. Ndinamuuzapo kuti malonda otere ndi opusa, iye n'kuseka kuti Achewa timakonda mthunzi ngati nkhuku. Anyamata osaka mbewa akayatsa tchire pafupi, iye ndiye ankayamba kuthamanga ndi chitsamba kukazimitsa moto usanafike ku mitengo. Abusa a mbuzi ankamudziwa pakamwa. Anthu anamupatsa dzina loti mlonda wa nduna, n'kumamufunsa ngati boma limamulipira, ndipo iye ankati malipiro ake akubwera pa lole la fodya.

M'mitengomo mwenimwenimo sanalowemo ndi kamodzi komwe. Tinakalamba limodzi, tinaphikira limodzi pa maliro ndi pa zikwati, tinakamba za anthu onse a m'dera lino, zabwino ndi zamiseche, koma za kuseri kwa chipilala sitinatsegulirane pakamwa. Azamba aja anamwalira, azimayi awiri amene tinali nawo tsiku lija anabwerera kwawo, ndipo wodziwa malo enieni a mwana wake ndinatsala ndekha.

Fodya atayamba kugwa mtengo, ambiri anatembenukira ku soya. Matenanti anachepa, zigafa za esiteti zinagwa, bwana anamwalira, ndipo ana ake anayamba kudula malowo n'kumagulitsa. Ngodya ya pa mphambano anagula ndi bambo wina wachisilamu amene ali ndi sitolo ya feteleza ndi malata pamsika, munthu wofatsa, woyankhula motsitsa. Ankafuna kumangapo nyumba yosungiramo mbewu. Koma atamva ana akunena za Mzungu ndi galu wake, anaimitsa zonse. Ananena poyera kuti iye pa manda samanga, kaya ndi a Msilamu, a Mkhristu kapena a munthu wa gule, ndipo ngati pagona munthu malowo awasiya momwe alili ngakhale kuti wagula kale. Anaitanitsa akuluakulu a m'deramo, amuna ndi akazi, kuti akumane pakhonde la sitolo yake amuuze zoona.

Kutatsala tsiku limodzi ndinapita pa benchi la mnzangayo. Ndinadikira ogula achoke, ndinamuthandiza kuunjika tomato, kenaka ndinamuuza kuti mawa ndikufuna kuyankhula, ndikungofuna iye avomere. Ndinati munthuyu wanena yekha kuti akamva za manda asiya, ndipo wogula wina wotere sadzapezekanso. Anapitiriza kukupiza ntchentche pa usipa. Kenaka anayamba ndi zimene ndinkayembekezera: kuti nkhani ya nthayo sikambidwa pamaso pa amuna, kuti adzatifunsa amene anatipatsa malo, kuti ana ali mmenemo si wake yekha ndipo eni ake sanamutume. Ndinamuyankha kuti zimenezo n'zakale, masiku ano ana otere ena amaikidwa m'bokosi, abusa atapemphera. Pamenepo anasiya kukupiza.

"Achemwali, mukanena, amuna aja sangakhulupirire zapakamwa. Adzati tikumbe tione. Mwana wa tsiku limodzi, zaka zonsezi, apeza chiyani? Adzakumba, adzapeza dothi, n'kunena pamaso panga kuti palibe munthu. Bola agwetse asakudziwa kusiyana n'kuti andiuze zimenezo."

Ndinamukwiyira, ndinene zoona. Ndinaona kuti akutaya chinthu chimene anachilondera moyo wake wonse chifukwa choopa mawu a anthu. Ndinamuuza zimenezo, ndipo sindinasankhe mawu ofewa. Iye anangondifunsa ngati ndikufuna tomato wa ndiwo zamadzulo. Mwana anali wake, ndiye ndinatenga tomatoyo n'kumapita kwathu.

Msonkhano sunatalike. Azibambo anakhala pa mabenchi ndi pa matumba a feteleza, ife azimayi pansi cha kumbali. Amene analipo tsiku la nduna anafotokoza mmodzimmodzi, mokoma, aliyense akudziika pafupi ndi nduna kuposa pomwe anaima. Amuna anga anasimba momwe ananyamulira njerwa ali mnyamata, momwe maziko anakumbidwira iwo akuona, ndipo analumbira kuti pansi pa chipilala palibe ngakhale fupa la nkhuku. Sananame. Palibe mwamuna amene ananama tsiku limenelo. Mwini sitolo anamvetsera onse, kenaka anatembenukira kwa ife n'kufunsa mwaulemu ngati amayi tili ndi mawu ena, poti nthawi zina amayi amadziwa zimene abambo sadziwa. Ndinayang'ana mnzangayo. Anali atawerama, akuchotsa chisoso pa chitenje chake. Mayi wina wachikulire anayankha m'malo mwa tonse kuti abambo anena kale. Mwini sitolo anathokoza n'kugawa zakumwa.

Anayamba ndi mitengo. Anthu amene anaiopa zaka zonsezi anasanduka akatswiri odziwa kuti muwanga uwu ndi wa mphanda, mombo uwu ndi wa makala. Alimi a fodya amene anatsala anakanganirana mitengoyo, poti yolimba chotero inali itasowa kalekale, ndipo amuna anga anabwera nayo ngolo yodzaza n'kumanga chigafa chimene ankaonetsa aliyense wodutsa. M'chigafa chimenecho ndinasokeramo fodya chaka chomwecho, poti fodya sadikira kuti munthu mtima ukhale pansi. Mphambano inayera mbee, ndipo chipilala chinaoneka chachifupi kuposa momwe tinkachiganizira.

Chokhacho chinavuta. Simenti yakale inali simenti, anyamata a nyundo anangochikukuta m'mbali n'kutopa. Anabwera ndi thirakitala, anachimanga unyolo m'khosi, chinapendekeka, n'kugwa chagada fumbi lili koboo. Anthu anathamangira kukaona za m'kati. Munali zidutswa za njerwa, mchenga ndi botolo la mowa limene amisiri aja anasiyamo, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka kunabwera giledala, inazula zitsa, inakankha masitepe, inagumula ndi chulu chomwe chinali cha kudambo, n'kusalaza ponse kukhala bwalo limodzi lofiira. Zogumukazo anakathira m'maenje a msewu wa ku esiteti. Masiku onsewo mnzangayo anali pa benchi lake tsidya la msewu, akugulitsa zitumbuwa kwa anyamata ogwira ntchitoyo, tomato atamuphimba ndi nsalu chifukwa cha fumbi.

Maziko a nyumba asanakumbidwe anandiuza kuti akupita kwawo. Ananena ngati akunena zopita kuchigayo. Nkhuku anagawa, benchi anapatsa mtsikana wina wogulitsa naye pafupi, mphika waukulu anandisiyira ine. Alongo ake aja anali atamwalira, koma ana awo anati abwere, pogona papezeka. Sindinamuletse. Munthu wa msinkhu wathu akati akupita kwawo umangomufunsa tsiku.

M'mawa wa ulendowo ndinamuperekeza, chikwama chake chili pamutu panga. Chidutsireni giledala, anthu anali atatsegula njira yachidule yodula pakati pa bwalo lofiira lija kukatulukira pomwe minibasi zimaima, ndipo ine ndinangoitsata osaganiza. Nditayenda pang'ono ndinamva kuti kumbuyo kwanga sikukumveka mapazi. Ndinacheuka. Anali ataima m'mphepete, pomwe udzu unathera.

"Achemwali," anatero, "inu munalipo. Panali pati?"

Zaka zonsezi yankho ndinali nalo, ndipo ndikanamulondolera ngakhale nditatsinzina: kuseri, pakati pa sitepe yapansi ndi msuku wa mphanda. Ndinafuna sitepe ndi maso, panalibe. Msuku panalibe, chitsa chake panalibe. Ndinayesa kuyerekeza kuchokera kumsewu, ndinayesa kuchokera kudambo, koma sindinathe kudziwa ngakhale pomwe chipilala chenichenicho chinaima. Ponse panali dothi lofanana, lodindidwa ndi matayala. Ndikanaloza paliponse akanakhulupirira. Ndinamuuza kuti sindikudziwanso.

Anangogwedeza mutu. Kenaka anawerama, anavula mapatapata, anawatenga m'manja, n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa bwalolo, m'chisoso ndi m'minga, kuzungulira njira yonse yaitali osaponda dothi lofiiralo ndi chala chimodzi chomwe. Dalaivala ankaliza huta, kondakitala akukuwa kuti agogo afulumire. Iye sanafulumire. Ine ndinali chiimire pakati pa bwalo, chikwama chake chili pamutu, osadziwa poti ndiponde kuti ndituluke.